Chingwe Sichizulidwa

Loweruka, 3 Ogasiti

Ndabwerako ku hotela kusanade. Ndatopa. Lero gitala yanga ya besi yandichititsa manyazi pamaso pa anthu.

Tinayamba 2 koloko monga mwa Loweruka lililonse, pakhonde paja alendo amadyera. Ndinatenga Mlendo, besi yatsopano ya nsambo zisanu imene mwana wanga wamkazi ananditumizira mu Juni chifukwa cha phewa langali. Yopepuka ngati mtsamiro. Nyimbo zitatu zoyamba tinayenda bwino. Pa yachinayi mawu anayamba kusasa ngati munthu wa chimfine. Ndikakoka nsambo mwamphamvu, phwee, ngati nsalu ikung'ambika. Ndikakoka pang'ono, samveka. Ndinapotoza timabatani tonse tisanu. Palibe chinasintha.

Akulu, eni bandi, amene amayimba kiyibodi, anandiyang'ana kamodzi kokha. Kenako dzanja lawo lamanzere linatsikira kumunsi kwa kiyibodi n'kuyamba kuyimba mbali yanga. Zaka makumi awiri ndili nawo, sanachitepo zimenezi.

Tikulongedza anati, "Madala, kodi ndi gitala kapena ndi zala?" Ndinangopitiriza kukulunga chingwe. Iwo: "Loweruka likubwerali zikachitikanso mupume kaye. Besi ndiziyimba ndekha ndi lamanzereli." Kupuma kaye ndikukudziwa. Wa lipenga uja anapuma kaye, mpaka lero akupumabe.

Wang'oma, mnzanga wa kalekale, anandimenya paphewa lomwe likuwawalo. Akuti, "Amwene, mwina gitalayo yazindikira kuti mwini wake ndi wosoka nsapato."

Lamlungu, 4 Ogasiti

Tsiku lonse m'chipinda cha mabesi. Chinali chipinda cha mwana asanapite kukagwira ntchito kutali. Mayi a kunyumba amachitcha chipinda cha akazi anzawo.

Alipo anayi pakhoma. Nkhalamba, ya nsambo zinayi, ndinaigula ndisanakwatire, ndipo nthawi imeneyo inali yakale kale. Penti inatha pamene ndimatsamiritsa mkono, mtengo ukuonekera. Yolemera ngati chitseko. Yofiira, khosi lake linapindika, ndimangoisunga chifukwa cha mtundu. Yosalala, yopanda tizitsulo todulira mawu pakhosi, imene imafuna munthu wa makutu akuthwa. Ndiye Mlendo.

Aliyense ali ndi chingwe chake cholumikiza ku ampu yokuzira mawu, cholowetsa kale, chokulunga bwino. Lamulo langa ndi limenelo: chingwe sichizulidwa pagitala. Ndinaliphunzira pa Nkhalamba. Kabowo kake kolowetsa chingwe kanakhwepa chifukwa chozulazula, tsiku lina kanandisiya pakati pa nyimbo pa ukwati wa eni. Kuyambira pamenepo ndinamata chingwe ndi tepi, ndipo zaka makumi atatu sikanavutenso. Mlendo atangofika ndinamulowetsa chake tsiku lomwelo, n'kumatanso tepi. Sindinamuzulepo. Ndiye angawonongeke bwanji, munthu ndikumusamala chonchi?

Ndamuyesa pa ampu. Ndikayimba motsitsa, ngati ali bwino, ngati sali bwino. Ndinaitana mayi. "Tamverani, mukumva kusasa?" Anaima pakhomo ndi tsache. "Abambo, kwa ine onse anayi amangoti dum dum."

Ndiye mwina kusasako kuli m'makutu mwanga? Koma Akulu anakumva. Kapena anangoona nkhope yanga? Malemu bambo anga anagontha ali ndi zaka ngati zangazi.

Lolemba, 5 Ogasiti

Kuntchito. Nsapato zisanu ndi imodzi, chikwama chimodzi cha zipi. Ndabaya chala kawiri, mutu uli kwina.

Masana ndinanyamula ampu kupita nayo kwa amisiri a mawailesi, tsidya la msewu. Aiyesa ndi zida zawo, aiyika nyimbo mpaka magalasi kunjenjemera. Akuti ampu ilibe mlandu. "Bweretsani gitalayo, madala, tiione m'mimba." Ndinati ndiganize kaye. Amisiri aja ndi munthu wabwino, koma akatsegula chinthu n'kuchitseka, patebulo pamatsala tizitsulo tiwiri. Chinthu cha mwana. Ayi.

Pobwerera ampu yandimaliza phewa.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Mwana wayimba foni. "Ababa, Mlendo akukuthandizani?" Ndinati kwambiri, mwanawe, kwambiri. Akuti ndimujambulire ndikuyimba Loweruka, akaonetse anzake kuntchito. Ndinati chabwino.

Nditadula ndinatulutsa kabuku kamene kanabwera m'katoni. Timalemba ting'onoting'ono ngati nyerere, zilankhulo zambirimbiri, changa palibe. Ndinayang'ana zithunzi. Mivi yokhayokha. Ndakabweza m'dirowa.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Zokonzekera m'galaja ya Akulu. Ndinapita ndi Nkhalamba.

Ambuye, mawu ake! Ndinangokhudza nsambo yaikulu ija, mabotolo pashelefu n'kuyamba kuyankha. Wang'oma anakuwa, "Eya! Mayi wamkulu wabwerera pakhomo!" Ngakhale Akulu anamwetulira. Apa ndinaganiza kuti makutu anga ali bwino. Kenako ndinaganizanso kuti mwina Nkhalamba ndimaimvera pamimba, osati m'makutu. Sindikudziwa.

Nyimbo yachisanu, lamba anali atalowa m'phewa ngati mpeni. Yachisanu ndi chimodzi, zala ziwiri za kumanzere zinachita dzanzi. Ndinaphonya polowera. Wang'oma anandikankhira mpando ndi phazi. Ndinakhala, komabe khosi la Nkhalamba ndi lalitali komanso lonenepa, kutambasula mkono kufika kumapeto kwake ndi ululu womwewo. Ndinaphonyanso. Mphindi makumi anayi zokha. Ku hotela timayimba maola atatu.

Komanso nyimbo ziwiri zatsopano zija zimafuna nsambo yachisanu, ya pansi penipeni. Nkhalamba ilibe.

Titamaliza ndinayang'ana Akulu. Anangopukuta kiyibodi yawo nthawi yaitali, makamaka mbali ya kumanzere.

Panjira Wang'oma anandinyamulira chikwama. Sanaseke. Bola akanaseka.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Mlendo wafa. Zii. Ngakhale kusasa kuja kulibe.

Ndasintha soketi ya magetsi, ndapukuta nsambo imodziimodzi, ndamugwedeza pafupi ndi khutu. Ndinalumikiza Yofiira pa ampu yomweyo, inalira. Ndiye si makutu, mpaka apa ndatsimikiza. Komabe ndinatenga wotchi ya pakhoma n'kuiyika patebulo, n'kumabwerera m'mbuyo phazi limodzilimodzi kuti ndione pamene ndilekere kuimva. Mayi anandipeza ndili m'khonde, khutu ndaloza kuchitseko. "Kodi abambo, mwayamba liti kubisalira wotchi?"

Ndawononga chinthu cha mwana ndisanathe nacho miyezi iwiri. Ndinachita chiyani? Kodi ndi tsiku lija ndinamusiya pafupi ndi zenera? Kapena thukuta?

Kuntchito sindinapite. Ndinakhala pabedi la mwana n'kumayang'ana onse anayi. Mmodzi wakufa, mmodzi wopindika, mmodzi wofuna makutu amene sindikuwakhulupirira, mmodzi wofuna phewa la munthu wa zaka makumi atatu. Munthu wa mabesi anayi, wopanda choyimba Loweruka. Sabata yonse ndimayang'ana pansi, mapazi a anthu, zidendene zakutha. Loweruka lokha ndi limene ndimayimirira n'kuona nkhope. Likachoka limenelo nditsala ndi chiyani?

Mayi akuti ndikulira maliro wodwala akadali kudya. Ndinati wodwalayo wafa kale m'mawa.

Ndiwayimbire Akulu mawa ndinene ndekha, asanachite kundiuza.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Ndilembe zonse mwadongosolo, mwina mtima ukhala pansi.

M'mawa ndinali nditagwira foni, nambala ya Akulu ili pagalasi. Mayi analowa m'chipinda cha mabesi ndi kansalu kopukutira, malo amene ndinawaletsa. Ndinalibe mphamvu zokangana. Anatsitsa Mlendo, kumutembenuza chafufumimba pabedi. Ine kumbuyo kwa gitala sindiyang'anako, kumakhala pamimba panga.

"Nanga kachitseko aka n'kachiyani?"

Ndinati musakhudze, mwina ndi mwa mawaya. Anali atalowetsa kale chikhadabo. Thwa! Kanatseguka. M'kati muli batire, lamakona anayi, longa bokosi la machesi.

Batire. M'gitala.

Mayi anandiyang'ana. "Zaka zonsezi mukugona ndi magitala, simudziwa kuti amadya mabatire?" Ndinati Nkhalamba ilibe. Yofiira ilibe. Yosalala ilibe. Besi imadya magetsi a ampu basi, ndi mmene ndimadziwira kuyambira ndili mnyamata. Iwo akuti, "Ndiye uyutu ndi wa masiku ano, amafuna chakudya chakechake."

Ndinathamanga naye kwa amisiri, chikwama chosatseka bwino. Anatulutsa batire lija, kulinyambita kunsonga ndi lilime. "Lafa kalekale ili." Anaika lina la mushelefu, n'kulumikiza chingwe ku ampu yawo. Ndinakhudza nsambo, agalu a tsidya lina n'kuuwa. Ndinangokhala pa wailesi ya eni.

Koma amisiri anali akukanda mutu. Akuti batire lotere limatha miyezi yambiri, mwinanso chaka. "Mumayimba usana ndi usiku kodi?" Ndinati Loweruka ndi Lachitatu basi. Kenako anaona tepi imene ndinamatira chingwe. "Ichi mumazula mukamaliza?" Ndinayankha monyadira ndithu kuti kwanga chingwe sichizulidwa, n'kuwafotokozera za Nkhalamba ndi ukwati uja.

Anaseka mpaka kutsamira khoma. "Madala, magitala atsopanowa chingwe ndiye swichi yake. Chikalowa mwayatsa. Inu mwasiya nyale yoyaka kuyambira mu Juni!" Anamatula tepi yanga, kuzula chingwe, kulowetsa, kuzulanso, kundionetsa kasingano ka chida chawo kakukwera n'kutsika. Nthawi iliyonse akazula ndinkamva ngati akundizula dzino.

Ndiye sindinamugwetse, sindinamunyowetse. Ndinamupha ndi chisamaliro.

Anandipatsa batire lachiwiri losungira. Ndinapempha lachitatu. Akuti, "Mukufuna kuyatsa mudzi?" Anandipatsabe.

Kunyumba ndayimba ola lathunthu nditaimirira. Phewa lili chete. Nditamaliza ndinagwira chingwe kuti ndizule. Dzanja linakana. Bwanji kabowo kakakhwepa mawa lomwe? M'malo mwake ndinatsegula kachitseko n'kuchotsa batire. Lili m'thumba la malaya pamodzi ndi anzake awiri. Mayi aona, angopukusa mutu.

Akulu sindinawayimbire. Nanga batire latsopanolo likakhala lakale la mushelefu? Nanga likathera pakati pa nyimbo?

Loweruka, 10 Ogasiti

Ndinafika ku hotela 12 koloko, operekera zakudya akadayala nsalu pamatebulo. Ndinaika batire. Ndinatsegula kachitseko katatu kuona ngati lakhala bwino.

Wang'oma ndinamuuza nkhani yonse, kulakwa kwanga. Anagwa pampando. "Amwene, miyezi iwiri mwana wa eni osagona, maso ali gwa, inu mukuti mukumulera!" Wauza aliyense, mpaka mlonda wa pageti.

Akulu anamva, sanaseke. Anangoti, "Tiona."

Nyimbo yoyamba dzanja lawo lamanzere linali pomwepo, pamwamba pa makiyi a kumunsi, osakhudza, kungodikira. Ine maso pa dzanjalo. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachinayi, ija inandigwetsa sabata yatha, inafika. Ndinakoka nsambo yachisanu mwamphamvu dala, kuti ngati n'kufa afe pompano. Masupuni patebulo lapafupi analira. Mayi wina wachikulire anasiya foloko n'kuyamba kugwedeza mapewa.

Sindikudziwa kuti zinachitika pa nyimbo iti. Ndinangoona kuti Akulu akuyimba ndi dzanja limodzi, lamanzere lagwira botolo la madzi. Analigwira mpaka nyimbo kutha. Kenako dzanjalo analiika m'thumba.

Pomaliza anati, "Lachitatu 4 koloko, madala. Musachedwe." Basi.

Tisanalongedze Wang'oma wandijambula kanema uja anapempha mwana. Mutu wanga waudula, mukuoneka gitala ndi mimba. Ndatumiza choncho.

Ndafika kunyumba dzuwa likadalipo. Thupi lonse likuwawa kupatula phewa. Ndinamugoneka Mlendo pabedi, ndinatembenuza kuti nditsegule kachitseko ngati dzulo. Mayi anali pakhomo, manja m'chiuno.

"Abambo, mudzathyola kachitsekoko. Zulani chingwe."

Ndinati kabowo kakhwepa. Iwo akuti kakakhwepa amisiri alipo, tsidya la msewu pomwepa.

Ndinayang'ana Nkhalamba pakhoma, tepi yake yakuda ija ya zaka makumi atatu. Ndinagwira chingwe cha Mlendo ndi zala ziwiri. Ndinakoka pang'onopang'ono. Kanangoti tha, kaphokoso kakang'ono kwambiri. Ndinasuzumira m'kabowo. Kali bwinobwino.

Chingwe ndachikoloweka pamsomali paja mwana ankapachika yunifolomu yake. Ndapitako kale kawiri kukachiyang'ana. Chikadali pomwepo.