Oyilo Wofiira wa Pikapu ya Woyera Isidoro

Lachiwiri, 6 Meyi

Kutentha koopsa. Kwatsala masiku asanu ndi anayi kuti tichite chikondwerero cha Woyera Isidoro, nkhoswe ya alimi. Chaka chino ndi cha 22 pikapu yanga ikunyamula chifanizo chake pamdipiti, kuchokera kuparishi mpaka kukatchalitchi ka paphiri.

Ndasolola kawaya koyezera oyilo wa giyabokosi. Wakuda bii, fungo ngati mpunga wopserera. Ndakamuonetsa Perlita, mwana wanga, kugalaja yake kuseri kwa nyumba. Wanunkhiza, n'kupukuta chala pa ovolosi. Amanditchula Tay, ndiye kuti bambo. Akuti, "Musakhudze, Tay. Galimoto yosintha yokha magiya ikakalamba chonchi, nyansi zomwezo ndi zimene zikuigwiriziza. Chikondwerero chikapita tizichotsa pang'onopang'ono, malita atatu mwezi uno, atatu mwezi winawo."

Nyansi kugwiriziza magiya! Ine Doming, zaka makumi atatu ndikuyendetsa jipu ya pasinjala pamsewu wa ku Lucena, lero kuphunzitsidwa ndi mwana amene ndinkamupukuta mamina. Koma zandiwawa.

Lachinayi, 8 Meyi

Perlita wapita ku Lucena kukasaka zipangizo za malole a bungwe la alimi. Malole atatu. Mang Celso, wapampando, anamupatsa ntchitoyi mwezi watha, atakanakana kuti mkazi sangakonze lole. Ntchito yake yoyamba yaikulu. Abwerako Loweruka.

Mkazi wanga Choleng, mayi ake a Perlita, ali kuparishi kusita nsalu za paguwa. Pakhomo ndekha ndi atambala.

Ndagula malita khumi a oyilo wa giyabokosi. Ndamasula paipi yopita kurediyeta, ndaliza injini. Wakale akutulukira m'ndowa, watsopano ndikuthira pamwamba, mpaka wotulukawo wafiira psuu. Manja akuidziwabe ntchito. Ndimaimba ndi muluzu ndithu. Wakudawo ndapaka mizati ya khola la atambala, chiswe chaonjeza chaka chino. Zigubu ndabisa kuseri kwa matumba a deya.

Lachisanu, 9 Meyi

Kumsika ndi kubwerera, myaa, ngati yatsopano. Ndidzamuuza Perlita, Woyera akadzafika pamwamba, pamaso pa anthu. Adzadziwe kuti bambo ake sanathe.

Lolemba, 12 Meyi

Pachitunda cha pamlatho, injini itatentha, yangolira vuuu, galimoto osasuntha. Kenako gu! yagwira. Kawiri konse. Ndinaima pambali n'kunamizira kuyankha foni.

Perlita tsiku lonse ali pansi pa lole, miyendo yokha kuoneka. Pachakudya wandifunsa, "Pikapu ili bwanji, Tay?" Ndati ili bwino.

Lachitatu, 14 Meyi

Amayi a m'mudzi abwera kudzakongoletsa pikapu. Ngala za mpunga, mikoko ya nthochi, mabilingano, tsabola. Akuseka, akuti nkhalamba ziwiri zatchena, ine ndi galimoto.

Ndikanalankhula lero, mnzanga Pare Ambo akanabweretsa pikapu yake. Wakhala akuisirira ntchito imeneyi zaka khumi, chaka chilichonse kundifunsa ngati chiphapha changa chidakali moyo. N'chifukwa chake sindinalankhule. Ndilembe zoona, muno mulibe wondiona. Ndinaganiza za nkhope ya Ambo ali pachiwongolero, Woyera ali kumbuyo kwake, basi pakamwa panatsekeka.

Ndapemphera kuti ikwere phirilo kamodzi kokha. Kamodzi kokha basi. Ine ndine munthu wanji?

Lachisanu, 16 Meyi

Dzulo sindinathe kugwira cholembera.

Bambo mfumu kutsogolo, a malipenga, kenako ine, anthu onse pambuyo. Pachidikha zinayenda. Liwiro la munthu wapansi, dzuwa likuswa mtengo, injini ikutentherabe. Pakati pa phiri, pamtengo wa mango, vuuu. Matayala zii. Ndiponde mafuta, vuuu. Kenako inayamba kubwerera m'mbuyo, kumene kuli anthu.

Ndinaponda buleki ndi mphamvu zonse. Woyera anapendekeka, khasu lake linathyoka, kang'ombe kake kamtengo kanagubuduzika pamsewu. Amayi kukuwa. Palibe amene wavulala, Mulungu ngwamkulu. Amuna asanu ndi atatu anasenza Woyera pamapewa mpaka pamwamba. Ine ndinatsala m'galimoto ndi mabilingano.

Masana, kwa Mang Celso, pa nkhumba yowotcha. Ndikanangopita kunyumba. Pare Ambo, mowa wa kokonati utamufika m'mutu: "Kodi amaikonza ndani galimoto imene ija, Pare? Si mwana wako wa masipanala uja? Mugulire mphika, atipha uyu!" Anthu kuseka, Mang Celso osaseka. Perlita anali pomwepo, mbale ili m'manja. Anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana nkhumba.

Mawu anayi okha akanakwana. Ndine ndinasintha oyilo uja. Sindinawanene.

Loweruka, 17 Meyi

Malole achotsedwa m'mawa, onse atatu. Limodzi achita kukoka, linali lisanathe. Mang Celso sanabwere, wangotumiza uthenga pafoni. Perlita anawathandiza kumangirira chingwe, n'kuwapatsa mabawuti m'kachitini kuti asasowe.

Masana ndamupeza kukhola la atambala, akupaka chala pamzati, akununkhiza. Oyilo wa giyabokosi sasokonezeka ndi wa injini, ngakhale ine ndimadziwa. Akuti, "Mwapaka wonse, Tay? Mukanandiuza Lolemba, wina ali m'ndowa, tikanaubwezeramo. Mwina ikanakwera." Basi. Osakweza mawu. Bola akananditukwana.

Sanauze munthu. Choleng ndamuuza ndekha, akuchapa. Anasiya zovala m'beseni. "Nkhalamba yopanda manyazi iwe! Mwana wako akunyozedwa, iwe ukutafuna nkhumba? Mawa ukaimirire m'tchalitchi." Manyazi ndili nawo, Choleng. Ndi amene andifikitsa pano.

Atambala ndaiwala kuwapatsa madzi.

Lamulungu, 18 Meyi

Nthawi ya zolengeza bambo mfumu anafunsa ngati alipo wina ali ndi mawu. Choleng anandigunda ndi chigongono kawiri. Kachitatu ananditsina. Sindinaimirire. Ndinangoti ndwii kuyang'ana Woyera pakona, khasu lake atalimata ndi guluu, mzere ukuoneka.

Perlita sanabwere ku Misa. Potuluka amayi awiri anandipepesa. Ine! Akuti ana a masiku ano amatichititsa manyazi. Ndinagwedeza mutu. Mutu wangawu, ndinaugwedeza.

Choleng sakundilankhula. Mpunga wangondiikira patebulo n'kutuluka.

Lachiwiri, 20 Meyi

Dzulo galaja tsiku lonse gwaa, palibe ngakhale njinga yamoto imene yalowa. Perlita amangosesa.

Lero ndanyamuka wapansi kupita kwa Mang Celso, zigubu ziwiri zopanda kanthu m'manja, lisiti m'thumba. Ndinawapeza pabwalo loyanikira mpunga ndi anthu ngati khumi, Pare Ambo ali pomwepo. Ndinavula chipewa. Ndinanena zonse, kuyambira pa kawaya mpaka pamlatho. Kuti mwana anandiletsa, kuti anali ku Lucena, kuti ndinadziwa masiku atatu mdipiti usanachitike.

Mang Celso anandigwira paphewa. "Doming, zaka makumi atatu pamsewu, wopanda ngozi, iwe sungachite zauchitsiru zotere. Ukungofuna kumuphimba mwana. Ndiwe bambo wabwino." Ndinaonetsa lisiti. Akuti oyilo wagula ndiwe, inde, koma wothira tikumudziwa. Pare Ambo maso ali ndi misozi ndithu: "Nanenso ndikananama chomwecho, Pare. Ndikhululukire za tsiku lija." Ndinalumbira, kutchula Woyera yemwe. Anandipatsa khofi ndi mpando.

Malole ali kale kugalaja ya kutauni.

Ndinabwerera ndi zigubu zanga. Pikapu ili pa majeke, Perlita ali pansi, akutsitsa giyabokosi yekha. Mayi ake anali atamuuza kumene ndinapita. Anafunsa ali pansi pomwepo, "Akukhulupirirani, Tay?" Ndinati ayi. Sipanala inasiya kulira. Kenako akuti, "Zimawawa eti, iwe ukunena zoona, anthu akungokumwetulira? Kwa ine n'zatsiku ndi tsiku."

Anapempha sipanala ya 14, ndinamupatsa. Dzanja lokha linatuluka kudzalandira.

Mawa ndipitanso kwa Mang Celso. Chimene ndikanene choposa cha lero sindikuchidziwa.