Munene Kuti Munawaona

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamadzi pomwe mulipo. Chifuwa chija chinasiya? Kuno ana ali bwino, alamu anu akadali ndi girisi m'zikhadabo monga mwa masiku onse. Koma bambo sali bwino, ndipo ndi iwo andigwiritsa cholembera. Ku ofesi ya kampani yanu akuti kalatayi ikupezani padoko lotsatira.

Mukudziwa kale kuti tinachedwa. Chimene simukudziwa ndi chimene chinatichedwetsa.

Uthenga wanu utafika woti sitima yanu iima tsiku limodzi lokha padoko la kummwera, bambo anadzuka pabedi ngati munthu wosadwala. Maso awo tsopano amangosiyanitsa kuwala ndi mdima basi, ndipo adokotala anandiuzira pambali kuti mtima wawo sufika nawo chaka chamawa. Bambo anati sakufuna zambiri, angokugwirani kumaso ndi manja awo, amve ngati mwanenepa.

Alamu anu anabwereka minibasi kugalaja komwe amagwira ntchito. Azakhali anakakamira kubwera, ati mwana wa mlongo wawo sangaonedwe ndi ena iwo ali moyo. Bambo tinawakhazika kutsogolo, atavala jekete yabulauni ya pa ukwati wanga ija, chipewa chili pamiyendo.

Dziko la kummwera, achimwene, ndi louma momvetsa chisoni. Msewu umangoti tolotolo, mbali zonse miyala ndi zitsamba zaminga, osaona munthu ngakhale mbuzi. Foni sigwira. Azakhali anati ngakhale mfiti singamange nyumba kumeneko. Koma bambo anali ngati afika kwawo. Zaka zonse zija ankayendetsa thiraki mumsewu womwewo, ndipo ankatiuza dzina la mlatho pongomva kulira kwa matayala. Tinaseka, tinaimba. Chimwalirire mayi sindinawaonepo osangalala choncho.

Tsiku lomaliza m'mawa, tisanatuluke m'chipululumo, tinapeza lole itafa pambali pa msewu, dalaivala wake atakhala pansi mumthunzi wa matayala. Alamu anu anafuna kudutsa mwakachetechete. Koma azakhali ndi pakamwa pawo paja, anafuula kuti taonani munthu wa Mulungu wavutika. Bambo anamva.

Mukukumbukira kuti anzawo a mathiraki ankawatcha Imani-Kaye. Moyo wawo wonse sanapitirirepo galimoto yofa pamsewu. Ndinawachonderera, ndinawakumbutsa kuti sitima sidikira munthu. Anati dalaivala akasiyidwa kumeneko amafa ndi ludzu, ndipo mwana wawo sangakondwe kugwidwa ndi dzanja limene lasiya munthu m'tchire. Anati ndi kantchito kochepa.

Sikanali kochepa. Paipi ya redieta inali itaphulika. Alamu anu anaimanga ndi mphira wa chubu, tinathiramo madzi athu akumwa. Injini inalira, n'kuzimanso. Bambo anaima pamenepo ndi ndodo yawo, khutu ku injini, akulamula ngati kale. Dzuwa linafika pamutu n'kupendeka. Ine ndinakhala pamwala ndikulira, ndipo sindikubisirani, ndinawakwiyira bambo anga odwala.

Loleyo itanyamuka, alamu anu anathamangitsa minibasi mpaka azakhali anayamba kupemphera mokweza. Sizinathandize. Mlonda wa pachipata cha doko atamva dzina la sitima yanu analoza kunyanja ndi mlomo. Anatimvera chisoni, natisonyeza khoma lamiyala kuseri kwa makontena pomwe operekeza amaimapo. Sitima yanu inali itatalikira, ikuoneka ngati bokosi la machesi.

Bambo anafunsa ngati mukuoneka.  Ine ndinati inde, mwaima kumbuyo kwa sitima, mukutibayibitsa. Anavula chipewa n'kuyamba kuchikupiza, koma atayang'ana kumakontena. Ndinawagwira mapewa n'kuwatembenuzira kunyanja. Anafunsa ngati mwanenepa. Ndinati mwanenepa, masaya ali tutumba. Anakupiza chipewacho mpaka mkono unakana, pamadzi palibenso kanthu.

Tinauyamba ulendo wobwerera. Pakati pa chipululu tinapezanso galimoto yaing'ono itafa, mayi ndi ana ake ataima padzuwa. Alamu anu anachepetsa liwiro okha osauzidwa. Bambo anafunsa chimene tikuimira, ndipo atauzidwa anangoti, "Pitirira." Alamu anu anaimabe, anawathandiza anthuwo. Koma bambo sanatsike, sanafunse n'komwe chimene chavuta. Anakhala manja ali pachipewa. Pamenepo mtima wanga unasweka kuposa padoko paja.

Chibwerereni sakudya bwino, nkhani za mathiraki anasiya. Dzulo ndikuwameta ndevu anandifunsa kuti kodi munthu wa ku injini amatuluka bwanji panja sitima ikamanyamuka, si nthawi imene amafunika kwambiri pansipo? Achimwene, maso anapita koma mutu uli bwinobwino. Ndinayankha kuti abwana anu anakulolezani.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mukangopeza foni, imbani. Munene kuti munapempha abwana, anakulolani kukwera pamwamba. Munene kuti munawaona pakhoma lamiyala, jekete yabulauni, chipewa kudzanja lamanzere, ndodo kumanja, ine nditawagwira paphewa. Zamakontena musatchule. Muwauzenso kuti anachita bwino kuimira lole ija. Ine ndawauza kambirimbiri, koma zanga samvanso.

Ndikudziwa kuti simukonda bodza, munatengera iwo omwewo. Ili lokha ndithandizeni kulisenza. Ndipo musadikire kuti mudzabwere nokha kudzanena, chifukwa sindikhulupirira kuti mudzawapeza.

Mulungu akusungeni pamadzipo. Mupereke moni kwa anzanu a ku injini. Azakhali akuti muzivala juzi, alamu anu ndi ana akupereka moni. Bambo sakudziwa kuti ndalemba. Foni yanga ndimaisiya pampando pafupi ndi bedi lawo, ndipo ikangolira amayamba kufufuza chipewa.

Ndine mlongo wanu,
mzime wa m'nyumba mwathu