Ulusi Wofiira wa Modester

Mzimba Boma
15 Julaye 2013

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi ndi onse kumudzi ku Madisi. Kaya bondo lanu lija likukusautsanibe ndi kuzizira kwa mwezi uno? Nanga chifuwa cha amayi chinaleka? Ine m'thupi ndili bwino, mwendo uja unapoleratu. Mtima wokha ndiwo ukudwala.

Ndikanatha kuimba foni. Ndayesa katatu, koma dzina lanu likangooneka ndimazimitsa. Pepala siliyang'ana munthu m'maso, n'chifukwa chake ndasankha kulemba.

Mlongo wanga Evance wandiuza kuti munamva pa wailesi kuti ndapambana mpikisano wothamanga wa kuno, ndipo mwapempha kale abusa kuti Lamulungu la pa 28 mudzaime kutsogolo kwa mpingo kuthokoza Mulungu. Bambo, chonde musadzaime. Werengani kaye mpaka kumapeto.

Mukudziwa kuti chivulalireni chaka chatha dzina langa linachotsedwa m'timu ya dziko. Mpikisano uwu ndiwo unali khomo lobwererera, chifukwa mkazi woyamba kufika ndiye woti apite ku kampu ku Lilongwe, ndipo malo ake ndi amodzi okha. Ine ndinabwera ngati munthu wodzatenga katundu wake. Msewu wake ndi womwe uja munkandithamangitsa ndili Sitandade 5, inu mukuphunzitsa kuno, mukunditsatira pa njinga.

Lachisanu masana anaitana othamanga onse kuti akamve malamulo. Ine sindinapite. Ndinauza amene anadzandiitana kuti ndathamanga m'mayiko momwe amakumangirira kamakina kunsapato, ndiye sindingaphunzitsidwe ndi anthu oyambitsa mpikisano ndi belu la kusukulu. Ndinanenadi choncho, Bambo, nditadzitukumula ngati finye, jekete la mbendera lili pamapewa.

Lamulo lake ndinkalidziwa ndithu. Pa mlatho pomwe timatembenukira, aliyense amalandira ulusi wofiira womanga ngati chibangili, ndipo wofika kumapeto wopanda ulusiwo samuwerengera. Anachita zimenezi chifukwa zaka za m'mbuyomu ena ankabisala m'tchire, ena n'kukwera kabaza. Wogawa ulusiwo anali a Nason Jere, anzanu aja munkaphunzitsa nawo, omwe pano anapuma ntchito.

Tsiku la mpikisano, tisanayambe, panabwera mtsikana wina wamtali, woonda, atavala siketi ndi nsapato za pulasitiki, nambala yake atailemba pa kachidutswa ka katoni. Anandipatsa moni mopinda maondo, nati dzina lake ndi Modester, wa ku Chikangawa, ndipo chithunzi changa cha m'nyuzipepala anachimata pakhoma kwawo. Ine ndinamuyankha ndi mphuno, maso ali pa wotchi yanga.

Pofika pa mlatho ndinali patsogolo pa akazi onse. A Jere anatambasula dzanja akundiitana ndi dzina, akuti mwana wa a Malizani atole ulusi. Ndinawaona bwinobwino. Koma mumtima ndinati ndani sandidziwa ku Mzimba kuno, ndichepetserenji liwiro chifukwa cha kaulusi ka juzi? Ndinawadutsa ngati chitsa, ngakhale moni sindinawapatse.

Sindinapite patali, ndinamva phaphapha kumbuyo kwanga. Anali Modester. Anafika pambali panga, n'kundifumbatitsa ulusi m'dzanja, nati agogo aja akuti ndaiwala. Atatero anandipitirira. Ndinavala ulusiwo n'kuyamba kumuthamangitsa, koma pa chitunda chija chisanafike boma iye ankakwera ngati akutsika. Pomwe ndinkafika pa mzere, mnzanga anali atamwa kale madzi.

Pa tebulo la oweruza anamufunsa ulusi. Analibe. Anafotokoza kuti a Jere anamupatsa uwiri, wina unagwa m'njira, ndiye iye anaona kuti wotsalawo ndi wa mlendo. Anandiloza akumwetulira, osakayika ngakhale pang'ono kuti ndimuvomereza.

Mkulu wa oweruza anatembenukira kwa ine. Ndinati ulusi wangawu ndautenga ndekha pa mlatho, ndipo mtsikanayu sindikumudziwa. Ndinawonjeza kuti sindinamuone akundipitirira, kapena anakwera kabaza. Ndinanena m'maso muli gwa.

Anakhulupirira jekete langa. A Jere anali akadali ku mlatho kudikira omalizira, mlendo wolemekezeka anali pa changu, ndiye nkhani inathera pomwepo. Anthu anayamba kumukuwiza Modester. Iye sanalire, sanatukwane. Anangoyang'ana pa mkono wanga pomwe panali ulusi, kenaka anatola chitenje chake n'kukaima pambali pa mzere, akuombera m'manja amene ankafika.

Apo ndinakumbukira lamulo lanu lija, loti wopambana asachoke pa mzere mpaka womalizira afike, ndipo amupatse madzi ndi dzanja lake. Ine ndinalisiya kalekale lamulo limenelo. Tsikulo ndinalandira chikho, ndinajambulitsa, n'kuthawira kuchipinda komwe ndikugona.

Lachiwiri a Jere anandipeza, atabwera pa njinga yawo yakale ija. Ndinkayembekezera kuti andikalipira, koma ayi. Anafunsa za inu, za amayi, ngakhale za mbuzi. Kenaka anati aku ofesi ya zamasewero awapempha kuti asaine pepala la zotsatira za mpikisano lopita ku Lilongwe, koma iwo awauza kuti magalasi awo athyoka, akonzedwa Lolemba. Akunena choncho magalasiwo ali pamphuno, abwinobwino.

Anati akanatha kukanena okha zomwe anaona, koma mwana wa a Malizani ali ndi pakamwa pake. Ponyamuka anandiuza komwe Modester amagwira ntchito. Ndikanakonda akanandimenya mbama.

Musaganize kuti ndinalapa nthawi yomweyo. Masiku awiri ndinalimbana ndi mtima wanga. Ndinkati ndili ndi zaka 29, mwayi wina sudzabweranso, pomwe iye akadali mwana, adzathamanga chaka chamawa. Ndinkati sindinamutume ndine kuti andibweretsere ulusi. Koma chikho chija ndinachiika pansi pa bedi, kuti ndisamachione.

Lachisanu ndinakwera minibasi kupita ku Chikangawa. Kunali chifunga ndi mphepo yolowa m'mafupa. Ndinapeza azimayi akusenza matabwa kuchokera kwa ocheka kumunsi kuchigwa, kukwera nawo mpaka pamsewu pomwe malole amapakira. Ndi ntchito yomwe Modester amagwira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndinamvetsa pomwepo chifukwa chake chitunda chathu chija chinali masewera kwa iye.

Mnzake wina, mayi Felesta, anandizindikira. Sanandibisire mawu. Anati chifukwa cha ine Modester akumutchula kuti Kabaza paliponse, ngakhale kutchalitchi, ndipo apongozi ake amuletsa kuthamanganso, akuti wachititsa manyazi banja lonse. Ine ndinkaganiza kuti ndamulanda chikho ndi ulendo basi. Sindinadziwe kuti ndamulandanso dzina.

Modester atandiona anati alibe nthawi yoima, ngati ndili ndi mawu ndiyende naye. Ndinapempha kuti nanenso ndisenze. Anandiika thabwa limodzi pamutu, iye atatu. Bambo, katswiri wanu wa dziko sanafike ngakhale pakati pa chitunda. Khosi linauma, thabwa linkapita uku ine uku, mpaka ndinagwa nalo. Amayi aja anaseka mpaka ena kukhala pansi, ndipo anali ndi ufulu wonse woseka.

Titafika pamsewu ndinagwada m'matope, pamaso pa amayiwo ndi anthu opakira malole. Ndinanena mokweza kuti ndinanama, kuti ulusi unali wa Modester, kuti anandipitirira ndi miyendo yake ine ndikuona.

Ndinkadikira kuti Modester andifunse chifukwa chake ndinachita zimenezi. Koma funso lake linali lina. Anati tisiye za ulusi, iye akufuna kungodziwa ngati anathamanga makora, ndiye kuti bwino, chifukwa palibe munthu wodziwa zothamanga amene anamuuzapo, ndipo katswiri yemwe anamuonapo ndi maso ndi ine ndekha.

Ndinalira ngati mwana. Ndinamuuza kuti zaka zisanu ndi zinayi zomwe ndathamangira dziko, palibe anandisiyapo pa chitunda momwe anandisiyira iye. Anathokoza m'Chitumbuka kuti yewo chomene, natola nkhata yake n'kutsikira kuchigwa. Ngati wandikhululukira sindikudziwa, sananene.

Lero m'mawa ndapita ku ofesi ndi a Jere. Ndabweza chikho, ndanena zonse. Dzina langa alifufuta, alemba la Modester. Akuti nkhani yanga ipita ku Lilongwe, ndipo mwina andiletsa kuthamanga. Wailesi yomwe inakusangalatsani ija ikhoza kunenanso izi, n'chifukwa chake ndafuna kuti muyambe mwamva kwa ine.

Koma dzina pa pepala silikwanira. Kampu ikuyamba pa 1 Ogasiti, ndipo apongozi a Modester akanitsitsa kuti sapita. A Jere anakawaona dzulo. Akuluwo ayankha kuti mlandu waukulu chonchi mwana sapepesa yekha ngati wagwa mumtengo, abwere ndi kholo lake, akhale pansi, anene pamaso pa mudzi. Akatero ndiye amumasula mpongozi wawo.

Ndiye pempho langa ndi limeneli, Bambo. Bwerani. A Jere apangana nawo za Loweruka pa 27. Ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali kwa bondo lanu, ndikudziwanso kuti kuno anthu amakukumbukirani ngati mphunzitsi amene sankalola bodza ngakhale la choko. Munakonzeka kuima kutsogolo kwa mpingo chifukwa cha ine. M'malo mwake ndikukupemphani kuti mudzakhale pansi pakhomo pa eni ake, chifukwa cha ine yemweyo. Mukakana sindikudandaulani, koma amene ataye ulendo ndi Modester, osati ine.

Nkhuku yopepesera ndagula kale, ili kwa a Jere. Mukatsikire pa Jenda, ine ndidzakhala ndikukudikirani pomwe mabasi amaima, ndipo jekete lija sindidzavala. Ulusi uja ndausunga m'Baibulo. Ndikufuna ndidzaubweze kwa mwini wake inu mukuona, ndipo akaloledwa kupita, chikwama chake ndidzamunyamulira ndine mpaka mu basi.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze pang'onopang'ono chifukwa cha mtima wawo uja. Moninso kwa Evance ndi mkazi wake, kwa azakhali a Lucia, ndi kwa abusa, omwe mudzawauze nokha momwe mungathere. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu m'bondo ndi chifundo mumtima.

Ndine mwana wanu, amene anafika wachiwiri,

Linily