Tizilombo ta m'paipi ya kuseri

Lolemba, 3 Marichi

Madzi a pathanki imene imabwera pagalimoto kudzatigawira atha ndili pakati pa mzere. Ndabwerera ndi zigubu zopanda kanthu, chonsecho chitsime chimene anakumba malemu bambo anga chili pakhomo pompano, chodzaza, koma chokhomedwa. Zonsezi ndi eni shopu yochapa masuti ija ya kuseri kwa mpanda. Zaka zonsezi ankataya mankhwala awo m'dzenje, mankhwalawo n'kutsika mpaka m'madzi athu. Iwo anatseka n'kuthawa, poizoni n'kutisiyira ife. Ndakwiya mpaka mutu ukuwawa.

Lachitatu, 5 Marichi

Mayi Magambuti abweranso, aja oyang'anira ntchito yoyeretsa nthaka. Aona paipi yawo imene anaboola kuseri kwa bafa lathu. Andifotokozeranso kuti mabakiteriya amene anathira pansipo amaphwanya poizoniyo, kumuthothola klorini pang'onopang'ono mpaka atatheratu mphamvu. Mpweya wakunja umawapha, ndiye chivindikiro chisatsegulidwe. Chakudya chawo ndi madzi akuda a shuga.

Ndati, "Ndiye tizilombo tizimwa shuga, ana anga tiyi wosatsekemera?" Aseka. Ine ayi.

Akuti sabata yamawa adzatunga madzi okayeza. Tizilombo tikapezeka tikugwira ntchito, apitiriza. Zikakanika, mabwana awo alamula kuti zitsime zonse za mumsewu uno zithiridwe simenti. Bambo a ana akungodikira zomwezo kuti tisamukire kwa apongozi. Kwa apongozi! Bola ndizigona pamzere wa thanki.

Lachisanu, 7 Marichi

Kuseri kukununkha ngati mazira owola. Mayi Magambuti akuti n'chizindikiro chabwino. Chabwino kwa yani, zovala zanga zili pachingwe?

Loweruka, 8 Marichi



Ndikuchokera kumsika, ndapeza alamu, ang'ono awo a bambo a ana, pulambala wodzimva uja, ataima kuseri, chivindikiro cha paipi chili pansi. Athiramo ndowa yathunthu ya klorini, n'kupoperamo mpweya kuti akuti ilowerere bwino. Akumwetulira ngati apha njoka.

"Mlamu, fungo latha limenelo. Madzi akanunkha, mankhwala ake ndi klorini, ngakhale mwana wa sukulu akudziwa."

Ndataya jumbo la tomato pansi. "Anakutumani ndani? Mwafunsa yani?"

Bambo a ana atuluka: "Iwe, munthu wakuthandiza, m'malo mothokoza ukulalata?"

Safunsa anadya phula. Koma apa wosafunsa ndi wina, phula tidya ndife. Tizilombo timene tinabwera kudzachotsa klorini taphedwa ndi klorini, pakhomo panga, ndi wachibale. Ndalira chifukwa cha ukali, osati chisoni.

Lamulungu, 9 Marichi

Fungo kulibe. Ndakhala ndikununkhiza paipi ngati galu, kulakalaka mazira owola.

Lachiwiri, 11 Marichi

Bambo a ana andiitanira kuchipinda, chitseko n'kutseka. Akuti ndisayerekeze kuulula. Zikamveka, mng'ono wawo palibenso amene adzamupatse ntchito, mwinanso amutengera kupolisi. "Chibale ndi fupa, sichiwola."

Ndati nanga tikakhala chete, kukayeza kuja sadzati tizilombo talephera tokha? Simenti m'zitsime za msewu wonse chifukwa cha manyazi a munthu mmodzi?

"Kwa amayi mpopi ulipo."

Basitu. Kwa iwo nkhani yathera pomwepo.

Madzulo aneba aja a mwana wakhanda andifunsa pampanda ngati tizilombo tikuyenda bwino. Ndati eya. Alamu nawo anadutsa pa njinga yawo yamoto, kuimba huta ngati palibe chachitika.

Lachitatu, 12 Marichi

Ndiwo zapserera. Zidyedwe choncho.

Lachinayi, 13 Marichi

Mayi Magambuti afika m'mawa ndi timabotolo tawo. Bambo a ana sanapite kuntchito, aima pambali panga ngati mlonda. Mayiwo atunga madzi, aviikamo kachida kawo, ayang'ana, aviikanso. Nkhope yasintha. Anunkhiza botolo.

"Muli mpweya wambiri umu. Kodi pali amene anatsegula kapena kuthiramo kanthu?"

"Palibe," atero bambo a ana, msangamsanga.

Mayiwo ayamba kulemba. Ndimaona cholembera chikuyenda.

"Mayi, musalembe. Alamu anga anathiramo klorini Loweruka. Ndowa yonse."

Mayiwo agwira m'chiuno, apumira m'mwamba. Kenako akuti bola ndanena, chifukwa akanapereka lipoti loti njirayi yakanika. Tizilombo ta pafupi ndi paipi tafa, koma angathe kuchapa paipiyo n'kuthira tina, kungoti tabwerera m'mbuyo miyezi ingapo. Afunsa dzina la alamu. Ndawapatsa, ndi nambala ya foni yomwe.

Atachoka, bambo a ana alowa kuchipinda. Ndimamva madilowa akutsegulidwa. Atuluka ndi chikwama.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa mlendo. Ndikakhala kwa amayi. Ukaganiza bwino unditsatire ndi ana."

Ndinali nditanyamula kale zigubu, thanki inali itafika. Ndawauza kuti akatuluka atseke geti, ine ndikuchedwa pamzere.