Mawu Anu a M'filimu Ija Afika, Amayi Etta

MAYI ETTA CHIMWAZA
Munabadwira ku Highfield mu 1938, munagona ku Romford mu 2019

Amayi, patha zaka zisanu ndi chimodzi chitisiyireni. Zaka zina zonsezi chikumbutso chanu chimakhala cha mizere iwiri basi, koma chaka chino mutikhululukire, titalikitsa. Kwachitika zinthu zoti simungazimvere kwa anthu ena, ndipo mwana wanu woyamba, Towela, ndiye wati tikuuzeni zonse osabisa.

Chithunzi chili pamwambachi ndi chija munkachikana, mumvekere mphuno inatuluka yaikulu. Mwavala epuloni yoyera, thireyi ili m'manja, maso mwaponya kumbali. Umu ndi mmene Azungu a kuno anakudziwirani. Munachoka ku Highfield, m'dziko loyandikana ndi kwathu, kumene atate anu a ku Ntcheu ankasoka zovala, kudzaphunzira unesi ku London. Musanamalize n'komwe, munthu wina wofuna nkhope za ku Africa zoti zioneke m'filimu anakuonani pamalo okwerera basi, ndipo moyo wanu unakhotera pomwepo. Munkatiseketsa pofotokoza za situdiyo ija ya kumadzulo kwa mzinda, kumene anamanga Africa wa nthochi zapepala ndi dzuwa lamagetsi. Munkati chibadwire simunazizidwepo ngati mmene munazizidwira mu Africa ameneyo.

Simunakhalepo mwini nkhani. Munali mlezi, wophika, nesi wotsegula chitseko, mayi wolira kumbuyo kwa anthu pamaliro. Dzina lanu linkabwera kumapeto penipeni, anthu atayamba kale kuvala majekete, ndipo nthawi zina linkalembedwa molakwika. Koma ntchitoyo simunaipeputsepo. Mdzukulu akadandaula kuti kuntchito sakumuwerengera, munkamuuza kuti, "Wonyamula thireyi akagwetsa kapu, filimu yonse imaima. Gwira bwino thireyi yako." Mafilimu otere atatha fasho, munabwerera kosamalira odwala ndi okalamba popanda kudandaula. Filimu yakale ikangotulukira pa TV masana, foni inkalira m'nyumba zathu zonse: "Tsegulani msanga, ndikulowa ndi tiyi!" Tikasonkhana kwanu ku Romford, munkadzikalipira nokha mukudzionera, "Wongola msana, Etta iwe!" Tinkaseka mpaka misozi. Towela yekha ndiye sankabwera.

Chifukwa chake mukuchidziwa. Munamusiya kwa agogo ake ali ndi zaka ziwiri, bambo ake atangomwalira, n'kulonjeza kuti pa Khirisimasi mubwera kudzamutenga. Anakwera ndege ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Anapeza mayi amene sankamukumbukira nkhope, bambo wina, a Biswick, ndi khanda lotchedwa Anderson pamiyendo panu. Asanazolowere n'komwe chisanu, filimu yanu yatsopano inatuluka, ndipo munamutengera ku bayisikopo ku Wembley, inu ndi iye basi. Towela akuti munamugwira dzanja mwamphamvu mpaka linachita dzanzi, mukumunong'oneza mobwerezabwereza kuti, "Umvetsere bwino kutsogoloku." Anamvetsera. Anaona mayi ake atagwada akupukuta nsapato za dona wachizungu, anawaona atabereka mwana wa donayo, kenako magetsi anayaka. Inu munakhala pampando osadzuka mpaka holo yonse inatha anthu.

Anzake a kusukulu anaionanso filimuyo, ndipo ankamugwadira pakhonde akunamizira kupukuta nsapato. Atasinkhukirapo anakuuzani pamaso panu kuti, "Munanditaya ine kuti mukalere mwana wa m'kanema." Kuyambira tsiku limenelo ankakutchulani kuti Amayi a Anderson. Ku tchalitchi munkakhala benchi limodzi, moni ankaperekedwa, koma ife tonse tinkayenda monyang'ama inu awiri mukakhala m'chipinda chimodzi. Mutadwala, iye pokhala nesi ndiye ankakusambitsani ndi kukutembenuzani, mosamala, mmene akanachitira ndi wodwala aliyense. Pamaliro panu msozi sunagwe, ndipo kumanda sanabwererekonso.

Kumayambiriro kwa chaka chino, anthu ena okonza mafilimu akale anapeza filimu ya ku Wembley ija yathunthu, mmene inalili asanaidule. Anafufuza banja lanu n'kupeza Anderson. Anamuuza kuti adzaionetsa m'holo ina ku Woolwich, ndipo anapempha kuti wina adzanenepo za moyo wanu. Anderson anavomera asanafunse mlongo wake. Towela anazimvera kwa anthu a ku kwaya, ndipo anamuimitsa Anderson panja pa tchalitchi anthu akuona. Anati manyazi amene anawasenza ali mwana sadzalola kuti agulitsidwenso ndi matikiti, ndipo Anderson akadzangoponda pa siteji ya m'holomo adziwe kuti mlongo alibe. Anderson, mukumudziwa, Chichewa chake n'chochepa, ndipo akapsa mtima chimamuthawiratu. Anayankha m'Chingerezi kuti inu munali mayi akenso. Vimbai, mwana wa Towela, ndiye anaima pakati pawo. Kuchokera pamenepo mafoni anasiya kuyankhidwa, ndipo pa ubatizo wa mwana wa mdzukulu wanu Shantel aliyense anakhala mbali yake.

Tsikulo linali Loweruka masana. Holo inadzaza, Azungu achikulire okonda mafilimu akale, ana a sukulu zaukachenjede, ndi anthu athu a ku tchalitchi amene anabwera chifukwa cha inu. Mpando wa Towela kutsogolo unali wopanda munthu. Magetsi atazima, chitseko chakumbuyo chinatseguka, ndipo tinamva kugogoda kwa ndodo yake ija amayendera chichitireni opaleshoni ya m'chiuno. Sanabwere kumene tinali. Anakhala mzere womaliza, pafupi ndi khomo, jekete osavula, chikwama pamiyendo. Akuti anabwera kuti adzatuluke pakati pa filimu anthu onse akuona, kuti Anderson adziwe.

Munatulukira ndi thireyi yanu, wamng'ono kuposa zidzukulu zanu, ndipo ena a ife tinayamba kulira pomwepo. Inafika mbali ya nsapato ija. Palibe mwa ife analimba mtima kutembenuka. Tinamva mpando ukulira kumbuyo, ndodo ikugunda pansi, ndipo Vimbai anagwira mkono wa amalume ake. Towela anali ataimirira kale, dzanja lili pachitseko, pamene inayamba mbali imene palibe anaionapo.

Munali nokha pakhonde, mwana wa dona uja ali m'manja. Mtsikana wotsogolera mwambo anali atatiuza poyamba kuti pamenepa dairekitala, mkulu wojambulitsa filimuyo, anakuuzani kuti munene chilichonse m'chinenero chakwanu chotontholetsera mwana, kenako anadulapo poona kuti mwatalikitsa. Pansi pa chithunzi sanalembepo kanthu chifukwa okonzawo sanapeze womva. Munamugwedeza mwanayo, koma maso anu sanali pa iye. Munati:

"Tonthola, Towela. Ndamva kuti dzino lagweluka, ndiye kuti wakula. Agogo akuti ukukana kudya, ukungokhala pageti. Usakhalenso pageti, Khirisimasi ino sindibwera, ndakunamizanso. Uyu ndamunyamulayu si wanga, akangozimitsa magetsi ndimubweza kwa amake. Ukadzakula udzandida, ndikudziwa. Udzandide, mwana wanga, koma uzidya."

Azungu ankamwetulira, ankaganiza kuti ndi kanyimbo kogonetsa mwana. Anderson anagwira dzina lokha, n'kumayang'ana uku ndi uku kuti wina amuthandize. Koma m'mizere ya anthu a ku tchalitchi, mayi wina anatseka pakamwa ndi mpango. Towela anasiya chitseko chija. Anakhalanso pansi, ndipo dzanja lija munalifinya ku Wembley linayamba kumuwawa. Apa m'pamene anadziwa zimene munkadikira tsiku lija, ndi chifukwa chake munakanika kudzuka magetsi atayaka.

Filimu itatha, Anderson anakwera pa siteji ndi zimene anakonza kunena, koma asanayambe, mtsikana uja, mosadziwa chimene akukhudza, anafunsa ngati alipo m'banjamo angamasulire mawu a pakhonde aja kuti awalembe pansi pa chithunzi. Anderson anaima ndi maikolofoni m'manja, thukuta lili kamukamu. Athu onse amene anamva anaweramitsa mitu. Kenako ndodo ija inayamba kugogoda kuchokera kumbuyo.

Amayi, ulendo wochoka kumbuyo kwa holo kufika kutsogolo sunatalikepo chotero. Sitinadziwe ngati akupita kukamenya mlongo wake, kapena kukauza anthu achilendo zonse zimene anasunga mumtima chiyambire ali mwana. Vimbai anadzuka kuti amuletse, iye anamukankhira pambali ndi chigongono. Anderson anamuthandiza kukwera masitepe, iye osamuyang'ana. Analanda maikolofoni. Anayankhula m'Chingerezi kuti onse amve, ndipo tanthauzo lake linali ili: "Ine ndine Towela. Mawu amenewo ali ndi mwini wake. Achedwa panjira, koma afika. Musalembepo kanthu." Anabweza maikolofoni n'kutsika. Panalibe wowomba m'manja. Mtsikana uja anapepesa, nkhope itafiira, ndipo Anderson anapinda pepala lake n'kungothokoza anthu chifukwa chobwera.

Sitikunamizani kuti zonse zakhala bwino. M'sitima pobwerera, titadutsa masiteshoni angapo, Towela anaphulika. Anafunsa kuti munalephera bwanji kumuuza ndi pakamwa panu zaka zonse zija, pamene munkakhala naye benchi limodzi, pamene ankakupukutani msana m'chipatala. Mawu amene munawanena pamaso pa kamera ndi Azungu odzaza situdiyo anakukanikani bwanji kukhitchini? Anthu m'sitimamo ankatiyang'ana. Mwina munaganiza kuti akanati mukudzikometsera. Mwina manyazi anakukulirani. Inu nokha ndi amene mukudziwa, ndipo munapita nazo.

Kwa masabata angapo sankagona bwino, ku kwaya anasiya kupita, ndipo Vimbai ankaopa kuti kuthamanga kwa magazi kumugwetsa. Okonza filimu aja anamutumizira mbali ya pakhonde ija pafoni. Vimbai akuti amaimva kuchipinda, yayamba, yatha, yayambanso. Ndi Anderson sanapepesane, koma akaimba foni imayankhidwa, ngakhale kuti mawu amakhala aafupi.

Mwezi watha anauza Vimbai kuti amuperekeze ku Romford. Atafika pageti la manda anamuuza kuti adikire pomwepo. Analowa yekha, kufunsa wosamalira manda kumene munagona chifukwa njira anali ataiiwala. Vimbai akuti anayamba kumva mawu a mayi ake kuchokera patali, akukwera, akutsika, akukalipa, ngati mmene anthu awiri amakanganirana m'nyumba mwawo. Anthu odzaika maluwa pamanda ena ankaima n'kumayang'ana. Anakhalako mpaka mvula inayamba kuwaza. Anatuluka maso atatupa, mawondo a siketi ali matope okhaokha. Vimbai atafunsa ngati mtima watsika, anati ayi, sanamalize kukuyankhani, abweranso. Ndipo ali pamalo odikirira basi anaimbira Anderson kumufunsa kuti ndani wakhala akusamalira mwala wa pamanda panu, chifukwa wachita ndere mpaka dzina silikuwerengeka, ndipo Loweruka abwere ndi bulashi ndi ndowa. Anderson anabwera nazo.

Amene tikukulirani ndife ana anu, Towela ndi Anderson, apongozi anu a Maureen, zidzukulu zanu Vimbai, Shantel ndi Tyrone, ndi kamdzukulutuvi kamene simunakaone, Chiyamiko. Abale a ku Highfield ndi a ku Ntcheu akupereka moni. Anzanu a ku kwaya, amene atsala, amakutchulanibe akafika pa nyimbo zija munkaziyambitsa mokwera kwambiri.

Gonani, Amayi. Tili moyo, dzina lanu silidzachoka pakamwa pathu.