Mipeni ya Nsomba ya M'sutukesi ya Bambo

Okondedwa Achimwene,

Ndikukhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi msana uja unasiya kukuvutani? Kuno ana akuthamanga bwino. Bambo ali monga munawasiyira: dzanja lamanja siligwira, mawu amatuluka movutikira, koma mutu ukuyenda bwinobwino. Za amayi ndinena kumunsiku.

Ndalemba pamanja chifukwa pafoni ndikanangolira. Mukhale pansi.

Mukukumbukira mipeni ndi mafoloko aja a m'sutukesi ya pansi pa bedi, okulungidwa m'thawulo? Bambo ankati anawapatsa mabwana a ku hotela tsiku limene anapuma ntchito yoperekera alendo zakudya. Inu munakwapulidwapo mutatenga mpeni umodzi kuti musongolere pensulo.

Mwezi wathawu bambo anandiitana n'kunena kuti zonsezo ndikapereke kwa msuweni wathu, mwana wa malemu malume, ikhale mphatso ya ukwati wake. Ndinadabwa, poti chimwalirire malume, bambo sanapondeko kunyumba imeneyo.

Nditamasula thawulo ndinapeza zonse zitada bii. Ndinachitanso manyazi kupereka zinthu zimene ntchito yake sindiidziwa. Mnzanga wa kuntchito anandilozera kasitolo ka zinthu zakale, kodzaza mawotchi oima ndi mipando yafumbi. Mwini wake ndi mkulu wina wadazi, wovala magalasi awiri, ena pamphuno ena pachipumi.

Mkuluyo anayala nsalu patebulo n'kuyamba kuunika mpeni uliwonse ndi kagalasi kokuza zinthu. Anandionetsa tizilembo tinayi kuseri kwa chigwiriro, nati timeneti tikutanthauza kuti si siliva yense, ndi chitsulo china chongokutidwa siliva pamwamba. Analoza m'mbali momwe mwayamba kuoneka chikasu. Kachidindo kooneka ngati mbalame anati ndi ka fakitale yomwe inatsekedwa kalekale, ndipo kalembedwe kake kakusonyeza kuti zinthuzi zapitirira zaka zana limodzi.

Ndinafunsa chifukwa chake mipeniyo ili yobuntha ndi yophwatalala. Anati ndi yodyera nsomba, yosendera mnofu kuti minga itsale, si yodulira ayi. Ndinaseka, n'kumuuza kuti achimwene anga anadya chikwapu chifukwa cha mpeni wosatha ngakhale kusongola pensulo. Nayenso anaseka.

Kenaka anatembenuza chigwiriro, kuseka kuja n'kutha. Anati apa panali chizindikiro cha hotela koma wina anachikhula ndi tupa, n'kuiwala kanambala kali m'munsi mwake. Analowa kuchipinda chakumbuyo, n'kubwera ndi bokosi lathabwa loyalidwa nsalu yobiriwira mkati. Anati analigula pamene hotela ina inkagulitsa ziwiya zake zakale. Munali malo a mipeni makumi awiri ndi inayi ndi mafoloko ake, koma malo a nambala 7 mpaka 12 anali opanda kanthu. Anaikamo zathu zija chimodzichimodzi. Zinalowa ngati sizinachokepo.

Ndinalimbikira kuti bambo anachita kupatsidwa. Iye anayankha mofatsa kuti hotela sipatsa munthu gawo la bokosi, ndipo mphatso saikhula ndi tupa. Anawonjeza kuti wosunga katundu wa pahotelapo anamuuza kuti zosowazo zinabedwa kale kwambiri, ndipo amene anamangidwa anali mnyamata wotsuka mbale.

Achimwene, wotsuka mbale wa ku hotela ija mukumudziwa. Ndi malume. Ntchitoyo anawapezera ndi bambo. Anakhala zaka ziwiri kundende, n'kutulukako ndi chifuwa chimene chinawatenga. Ife tinakula tikuuzidwa kuti tisadzakhale a manja aatali ngati malume. Msuweni wathu kusukulu ankamunena kuti mwana wa wakuba, ndipo amayi anasiya kutchula dzina la mlongo wawo.

Nditafika kunyumba ndinatseka chitseko cha kuchipinda, n'kuika mpeni umodzi pabulangete la bambo. Ndinawauza zimene ndaona. Anauyang'ana, kenaka anavomera. Anati sikunali kusowa ayi, ankangofuna kukhala ndi kanthu kamodzi mwa zimene ankanyamulira anthu ena tsiku ndi tsiku. Apolisi atabwera anagwira womaliza kuzikhudza. Bambo ankaganiza kuti amutulutsa pakapita masiku awiri. Anazibisa kudenga zaka khumi ndi ziwiri, n'kuzitsitsa tsiku lopuma ntchito.

Ndinafunsa ngati malume ankadziwa. Anati malumewo anawaona akuzikulunga. Ulendo umodzi wokha umene bambo anapita kundende, malume anawauza kuti, "Alamu, inu muli ndi ana anayi, ine mmodzi. Pitani, musamale mlongo wanga."

Tsopano cholakwa changa n'chakuti sindinakudikireni. M'mawa mwake ndinawauza amayi, akusita zovala. Anazimitsa simbi, n'kukhala pampando. Sanalire. Anangofunsa kuti, "Ndiye chaka ndi chaka ndinkakhala pakhonde n'kumapukuta zimenezi?"

Kuyambira tsikulo amagona kuchipinda kwa ana. Amawasambitsabe bambo, amawadyetsa, amawatembenuza kuti asachite zilonda, koma mawu ayi, ngakhale moni. Bambo akawaitana, amayi amayang'ana kukhoma. Amayi awonda, Achimwene, mphete yayamba kuvuka yokha. Nthawi zina ndimadzida kuti ndikanangotseka pakamwa.

Dzana kunabwera msuweni. Anagwada pambali pa bedi n'kupempha kuti paukwati wake bambo akakhale pampando wa bambo ake, ngakhale pa njinga ya olumala, poti ndiwo atsala. Bambo anayamba kulira, iye n'kumaganiza kuti ndi chimwemwe. Anawapukuta misozi ndi mpango wake. Ine ndinathawira kubafa.

Mphatso imeneyi sindingaipereke ngati mphatso, ndipo bambo sangakakhale pampando umenewo. Loweruka lomaliza la mwezi uno ndikupita kwa akazi a malume kukawauza kuti mwamuna wawo sanabe kanthu. Akalamba akuweramitsa mutu pamsewu chifukwa cha ife. Angathe kutithamangitsa, ndipo sindingawanene.

Chonde bwerani tikapite limodzi. Ndinu woyamba kubadwa, ndipo malume ankakunyamulani pamapewa. Musandiyankhe kuti tidikire ukwati udutse, kapena kuti tidikire bambo atsogole. Mukapanda kubwera ndipita ndekha.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni, akupatseni ulendo wabwino, ndipo atichitire chifundo pakhomo pano.

Ndine mlongo wanu,
Chitsiriza wa m'nyumba mwathu