Bawo pakhomo pa Yona

Wokondedwa mwana wanga Esinati,

Ndikhulupirira uli bwino ku Mzuzuko pamodzi ndi ana. Kuno tilipo, kungoti mwendo uja ukundivutabe.

Mchimwene wako Yona sakugona tulo. Masukulu amene amawakonzera mapulogalamu a mayeso pa kompyuta atsekera Khirisimasi, ndiye kuntchito kwake ku Songani kwangoti zii. Lolemba ndinatenga anzanga a kutchalitchi, tinakakhala pakhomo pake n'kumasewera bawo, kuti odutsa aziyesa pali makasitomala. Iye akuti, "Bambo, mukundichititsa manyazi." Ndinamuuza kuti sukulu sindinapite, koma malonda ndimawadziwa, ndipo pamenepo sindichoka.

Tsopano akunena kuti Januwale akatha chonchi, agulitsa makinawo apite ku Joni. Chonde umulembere, iwe amakumvera. Mng'ono wanga anapita komweko, mpaka lero sitinamuonenso.

Mulungu akusunge.

Ndine bambo ako.